Kuseri kwa Khoma la M'denga

Sajeni wa polisi atafika pasukulu ya ntchito zamanja ija anapeza ntchito yonse itaima. Nsanja zachitsulo zinali zitakuta kumaso konse kwa nyumba yaikulu, mazenera akale atazulidwa, atsopano ataunjikidwa pansi asanawachotse m'mapulasitiki. Antchito anali atakhala pamthunzi, zisoti zili pamaondo. Theka la denga linali lopanda malata.

Anamulandira ndi kapitawo wa ntchitoyo, bambo wamimba, wa thaulo paphewa, wooneka kuti masiku onse sasowa chonena.

"Mwafika, mayi Sajeni. Makwerero mumawatha? Chifukwa mlendo wathuyo sangatsike kudzakupatsani moni."

Akukwera, iye patsogolo Sajeni pambuyo, pakamwa sipanatseke.

"Nyumba iyi, mayi, nthawi yotentha ndi uvuni, nthawi yozizira ndi filiji. Ophunzira kumangowodzera m'kalasi, mafani kuzungulira tsiku lonse, magetsi kutha ngati madzi a mumtsuko wobooka. Ndiye tinapatsidwa ntchito yoti tiiveke chofunda. Kukhoma lakunjali tikumata zotchinga kutentha, m'denga tiyala zachikasu zonga thonjezo, kenako malata atsopano, pamwamba pake masola a magetsi a dzuwa. Ine m'madenga ndazolowera kupeza makoswe, mileme, nthawi zina njoka. Za lerozi ndiye ayi."

Anayenda pamatabwa oyalidwa pamitanda ya denga mpaka kumapeto kwa nyumbayo. Kumeneko, pamwamba pa masitepe, kunali silabu ya simenti pamene kale pankakhala thanki ya madzi. Wina anali atamanga khoma la njerwa kuchokera pasilabupo kukagunda malata, malowo n'kusanduka kachipinda kopanda khomo. Pakanapanda kusasula denga, palibe akanadziwa kuti muli kanthu.

Sajeni anasuzumira pamwamba pa khomalo, pamene panali patachotsedwa malata angapo. Munali munthu wakufa kalekale, ali chikhalire pansi, phewa atatsamiritsa kukhoma la njerwalo, mutu utagwera pachifuwa. Kutentha kwa m'denga kunali kutamuumitsa ngati chikopa. Ovolosi yake inali itatuwa, pansi ponse pali mbuu ndi laimu. Dzanja lamanja linali lakuda, zala zitapindika.

"Wayamba kumuona ndani?"

Kapitawo analoza ndi chibwano. Chapatali pang'ono, pamtanda wa denga, panakhala mayi wina wa ovolosi, lamba wa zida ali m'chiuno.

"Wamagetsi wathu. Timamutcha Kamphezi chifukwa cha changu chake. Kuyambira m'mawa sanatsike, madzi akukana."

Sajeni anapita kukanjuta pafupi naye.

"Achemwali, munthuyu mukumudziwa?"

"Ndi bambo anga."

Ananena osadzutsa mutu, ngati akuyankha funso la m'kalasi.

"Mwawadziwira chiyani? Nkhope yatha."

"Taonani m'khosimo."

Sajeni anabwerera kukasuzumiranso. M'khosi mwa mtembowo munali kalamba ka nsalu yofiira, kunsonga kwake kukulendewera kiyi wamng'ono.

"Kalambako anasoka ndi amayi," anatero Kamphezi. "Ndikakhala pamiyendo pawo ndinkaseweretsa kiyi ameneyo. Anali mphunzitsi wa zamagetsi pasukulu pompano. Ophunzira ankawatcha a Kawaya chifukwa chowonda. Anasowa ine ndili wamng'ono. Ndakula ndikumva kuti anathawa ndi mkazi wina."

"Kiyiyo ndi wa chiyani?"

"Wa loko. Wamagetsi asanalowe m'denga amazimitsa swichi yaikulu, bokosi lake n'kukhoma ndi loko wakewake, kiyi n'kuvala m'khosi. N'cholinga choti wina asayatse iwe uli ndi waya m'manja. Wanga nayu." Anatulutsa kiyi m'kolala mwake n'kumubwezeramo. "Iwo kiyi ali naye, koma dzanja lapsa. Ndiye kuti pansipo wina anathyola loko."

Sajeni anaimirira n'kuyang'anitsitsa khomalo. Linali pamalo oti munthu sangaliwone, koma mzere uliwonse unali wowongoka, simenti yosalazidwa bwinobwino ngati ntchito ya pamayeso.

"A kapitawo, khoma ili lilipo pamapulani anu?"

"Palibe, mayi."

"Alipo amene sanafune kuti mufike mbali ino?"

Kapitawo anapukuta khosi ndi thaulo lake, n'kutsitsa mawu.

"Ahedi a sukulu ino anabwera kangapo kudzatiuza kuti mbali ino denga lake n'labwino, tisalikhudze. Koma injiniya wathu anabwera ndi kamera yake yoona kutentha, n'kupeza kuti kuno ndiye kukulowera moto wonse. Kuyambira tsiku limenelo ahedi moni satipatsa."

* * *

Ofesi ya ahedi inali itasamutsidwira m'kachipinda ka pansi. Makabati anali atakutidwa ndi nsalu chifukwa cha fumbi. Pazenera pankaonekera denga losasulidwa lija, koma mpando wawo unali utalifulatira. Anali bambo wa imvi, wa suti yosita bwino, manja aakulu ataasanjika patebulo.

"Zomvetsa chisoni zedi, mayi Sajeni. Tinganene kuti sukulu yonse yagwidwa njakata. Malemuwa anali mnzathu, anali mbale wathu."

"Nthawi imene ankasowayo inu munali ndani pano?"

"Ndinkaphunzitsa zomangamanga. Komanso ndinkagwirizira udindo wa wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, chifukwa mwiniwake anali atangopuma."

"Tsiku lomaliza kuwaona mukulikumbukira?"

"Ndingaiwale bwanji? Linali tsiku lotsekera sukulu. Kunabwera alendo amene anatipatsa makina atsopano a kukalipentala, kudzaona mmene akugwirira ntchito. Ine ndinali nawo alendowo kuyambira pofika mpaka potsanzika. Madzulo ake omwewo ndinanyamuka kupita kukadwazika mayi anga, ndipo ndinabwerako sukulu ikutsegulidwa. Pobwera ndi pamene ndinamva kuti mnzathu sakuoneka."

"Khoma la m'dengalo anamanga ndani?"

"Mwina amene anadzachotsa thanki. Sukulu ino yadutsa m'manja ambiri."

"Nanga bwanji simunafune kuti mbali imeneyo isasulidwe?"

"Pansi pake pali makalasi a mayeso. Ndinkaopa phokoso. Mphunzitsi amaganizira ana, mayi."

Mayankho ankatuluka osapunthwa, ngati munthu amene wakhala akuwatafuna nthawi yaitali. Kunja kunalibe nyundo ngakhale imodzi yolira.

"Nkhani yoti anathawa ndi mkazi inachokera kuti?"

"Inali m'kamwa mwa aliyense."

"Inuyo munaimva kwa ndani?"

"Zakale zimenezo. Mphekesera ilibe mwini."

Sajeni anaimirira. Atafika pakhomo ahedi anamuitana.

"Kodi mtembowo auchotsa liti? Ana asamaone zoterezi. Magetsi ndi oopsa, timawauza tsiku ndi tsiku."

"Ine za magetsi sindinatchule, ahedi."

Bamboyo anatambasula manja ake aakuluwo n'kumwetulira pang'ono.

"Msodzi amafera m'madzi, mayi Sajeni. Nanga wamagetsi angafe ndi chiyani?"

* * *

Mkazi wa malemuyo anali telala. Kashopu kawo kanali tsidya lina la msewu, ndipo ukaima pakhomo unkaona denga la sukulu lonse. Sajeni anawapeza akupalasa makina, akupinda m'mphepete mwa katani yaitali. Uthenga unali utawafika kale, koma sanasiye kusoka.

"Khalani pamenepo. Ndikasiya makinawa ndigwa."

Sajeni anachotsa zidutswa za nsalu pampando n'kukhala.

"Pepani, mayi, ndi zimene zakugwerani."

"Zandigwera liti? Lero kapena kale lija? Ine sindikudziwa kuti ndilire maliro ati." Anadula ulusi ndi mano. "Munthu ndamutukwana zaka zonsezi. M'mawa uliwonse ndikamatsegula pano ndimati, kumene uliko usaone mtendere. Osadziwa ali pompo, moyang'anizana nane."

"Tsiku limenelo anachoka bwanji pakhomo?"

"Analawirira. Anati makoswe adya mawaya m'denga, akufuna akonze alendo asanafike. Tiyi anamwa theka. Sanabwerenso."

"Za mkazi winayo anayamba kukuuzani ndani?"

"Ahedi omwewa. Nthawi imeneyo anali chabe mphunzitsi wa njerwa. Ankanditcha mlamu, ankadyera m'nyumba mwathu. Anabwera pano n'kuima pamene pali chidole chovekera madiresicho. Anati, alamu, limbani mtima, achimwene ndawaona kudepoti akukwera basi ndi mkazi wina wa sutikesi yaikulu. Anafotokoza ngakhale nsapato za mkaziyo."

"Anabwera sukulu itatsegulidwa?"

"Ayi. M'mawa mwake mwenimweni. Ine ndinali ndisanagone, maso ali kumsewu."

"Mwatsimikiza? Papita nthawi."

Makina anaima. Mayiwo anayang'ana Sajeni koyamba.

"Mwanawe, tsiku limene banja lako latha suiwala kanthu. Patebulo apa panali nsalu yakuda ya suti ya mwini. Iwo poyankhula anatsamirapo. Atachoka ndinapeza zala zonse zadinda, zoyera. Manja awo anali mbuu, ong'ambikang'ambika, ngati munthu amene wachezera simenti. Ndinachapa nsaluyo ndikulira, ndikuwadalitsa mumtima kuti koma awa ndiye andiuza zoona."

Sajeni anakumbukira mawu a ahedi. Munthu amene anati ananyamuka madzulo kukadwazika mayi ake anali m'shopu muno m'mawa mwake, manja ali ndi simenti.

"Atatero anakusiyani?"

"Anatisiya? Mwana wanga atakula ndi iwo anamupezera malo pasukulupo. Ankamuyendera m'kalasi, kumufunsa ngati wadya. Ndinkati munthu wa Mulungu." Anayambanso kupalasa, pang'onopang'ono. "Koma alipo wina. Mkulu amene ankaphunzitsa zowotcherera. Anali mnzawo wa amuna anga wa ponda apa nane ndipondepo. Kuyambira tsiku limenelo sanandiyang'anepo m'maso. Akandiona amawoloka msewu. Ine ndinkati mwina mkaziyo anali mbale wake."

* * *

Mkulu wowotcherera uja anali atapuma ntchito kalekale. Sajeni anamupeza kuseri kwa nyumba yake, pakati pa mawilibala othyoka ndi mafelemu a njinga, akupapasa tcheni ndi zala. Maso ake anali otuwa ngati mkaka wothira madzi.

"Ndani? Wapolisi? Wamkazi? Dziko lapita patsogolo. Khalani pa ndowa iyo, mipando ndinawotcherera anthu ena, yanga ndinaiwala. Musadabwe ndikamayang'ana kumbali, masowa anadyedwa ndi moto wabuluu uja."

"Agogo, a Kawaya apezeka."

Zala zinaima patchenipo.

"M'denga," anatero mkuluyo. Silinali funso.

"Munadziwa?"

"Kudziwa ndi kukana kudziwa zimagona mphasa imodzi, mwana wanga. Ine sindinaone kanthu. Ndinangomva."

"Ndiuzeni zimene munamva."

Mkuluyo anapukuta manja pathalauza nthawi yaitali asanayambe.

"Alendo anali atafika pageti, magalimoto ali ndondondo. Magetsi mbali yathu kulibe. Makina oti awaonetsewo ali zii. Akubwera mnzathu wa njerwa uja, amene lero ndi ahedi, jekete lili chonyowa ndi thukuta. Mukudziwa, udindo unali pamphuno, ankangodikira kuti tsikulo liyende bwino. Akuti, tenga sowo yako, dula loko uyu. Ine ndinati, loko ameneyu ndi wa Kawaya, mwiniwake ali kuti? Akuti wapita m'tauni kukagula waya, kiyi wapita naye, tichita manyazi pamaso pa alendo. Ndinafunsanso kachiwiri. Anandikalipira ngati mwana. Ndiye ndinadula."

"Swichi anakweza ndani?"

"Iyeyo. Ndi dzanja lake. Mababu anaphethira, kenako kumwamba kunamveka chinthu kugwa, phii. Osati thabwa, ayi. Thabwa likagwa limadumpha. Ichi chinagwa n'kukhala. Tinayang'anana. Iye akuti, matabwa akale amenewo. Nthawi yomweyo makina analira, alendo akuwomba m'manja."

"Simunakwere kukaona?"

"Sindinakwere. Ndinapita kukaonetsa alendo mmene timawotcherera geti. Chakumadzulo, anthu atabalalika, ndinabwerera kukatenga chipewa changa. Ndinamupeza pamasitepe atavula jekete, njerwa zili paphewa. Akuti ndikukatseka pamene pamalowera mileme. Ndinati, chabwino. Tsiku la alendo, sukulu yatsekedwa, munthu akutseka mileme. Ndinati chabwino, n'kumapita kwathu."

"Potsegulira sukulu panalibe fungo?"

"Linalipo, la patalipatali. Anati ndi mileme yafera m'kati. Ndiye itabwera nkhani ya mkazi wa sutikesi ija, ine ndinaigwira ndi manja awiri, ngati munthu womira wagwira bango. Ndinkaifotokozera ena, kuwonjezera ndi zanga. Koma ndikakumana ndi mkazi wake, miyendo inkandiwolotsa yokha msewu."

Mkuluyo anadzuka, n'kupapasa khoma mpaka pa shelefu ya zitini za misomali. Anatsitsa chitini chimodzi, n'kukhuthulira pansi. Pakati pa misomali yadzimbiri panagwa loko wamng'ono wamkuwa, chitsulo chake chodulidwa mbali imodzi.

"Ndinamutola tsiku lomwelo. Ndayesapo kumutaya, dzanja limakana. Mutengeni. Ndipo mukafuna kuti ndikanene kubwalo la milandu, mudzanditsogolere njira, ndikanena."

Sajeni anakulunga lokoyo m'kathumba. Foni yake inalira. Anali kapitawo, koma mawu ake analibe nthabwala.

"Mayi Sajeni, adokotala auchotsa mtembo uja. Bwerani mudzaone khomali m'kati mwake, pamene panatsamira phewa."

"Pali chiyani?"

"Pafoni sindingathe. Ingobwerani."

* * *

Sajeni anakwera yekha poyamba, anayankhula ndi dokotala, n'kutsika kukatenga ahedi. Iwo anadandaula za maondo, za suti, za msonkhano umene unkawadikira. Sajeni anangoima pakhomo mpaka anadzuka. Anakwera makwerero bwinobwino, ngati munthu amene anakulira pansanja.

Dzuwa linali litapendeka koma m'dengamo munali motentha. Antchito anali atagumula mbali imodzi ya khoma kuti mtembo utuluke. Kapitawo anaima patali, thaulo lili m'manja. Kamphezi anali atatsika kukakhala ndi mayi ake.

Sajeni anatulutsa loko uja ndi kiyi wa kalamba kofiira. Analowetsa kiyiyo, n'kupotoza. Ngakhale panali dzimbiri, lokoyo analira, kwee, n'kutseguka.

"Amene anadula loko ameneyu akuti munamutuma ndinu. Swichi munakweza nokha."

Ahedi anayang'ana lokoyo, kenako kumwamba.

"N'kutheka. Tsikulo linali la piringupiringu. Ngati ndinatero, ndinkakhulupirira kuti mnzathu watuluka. Imeneyo ndi ngozi, mayi Sajeni, ndipo nkhalamba yosaona si mboni."

"Munati madzulo omwewo munapita kwa mayi anu. Mkazi wa malemu akuti m'mawa mwake munali m'shopu mwake, manja ali ndi simenti."

"Mayi wachisoni amasokoneza masiku. Za khoma ili ine sindikudziwapo kanthu."

"Chabwino. Lowani muone ntchito ya munthu amene simukumudziwayo."

Anazengereza, koma analowa, atawerama. Sajeni analoza m'munsi mwa khomalo, pafupi ndi silabu. Pamenepo simenti ya pakati pa njerwa inali itakokotedwa mozama, mizere yokandakanda ili ponseponse. Njerwa imodzi inali itasololedwa n'kuikidwa pambali. Kuseri kwa bowolo kunkaoneka njerwa zina, mzere wachiwiri, nazonso zokandidwa pang'ono. Pansi panali sikuludiraiva, nsonga yake itatha mpaka kubulungira.

"Inali pansi pa ntchafu ya malemu," anatero Sajeni. "Adokotala akuti magetsi anawotcha dzanja n'kuwagwetsa kuchokera pamtanda uwo. Fupa la m'chiuno linathyoka. Koma akuti zimenezi zokha sizikanawapha tsiku lomwelo. Anakomoka, kenako anatsitsimuka. Anakumba ndi dzanja lamanzere. Kuti sikuludiraiva ithe chonchi, si ntchito ya tsiku limodzi."

Ahedi anagwada pang'onopang'ono, osasamala suti. Analowetsa zala m'bowomo.

"Ayi," anatero motsitsa. "Ayi, anali atafa."

Kapitawo anasuntha phazi, thabwa n'kulira. Sajeni sanatembenuke.

"Anali atafa. Ndinamugwira pakhosi, panalibe kugunda. Ndinamuitana, ndinamugwedeza. Ndinamugoneka chagada pakati apa, manja ndinamuikira pachifuwa. Ndinamutseka ndi maso omwe."

"Ife tawapeza atakhala tsonga, atatsamira khoma."

Bamboyo anayang'ana pakati pa silabu pamene ankanenapo, kenako pakhoma, kenako pakatinso, ngati akuyeza mtunda umene munthu wothyoka chiuno anakwawa mumdima.

"Ndinamanga mizere iwiri kuti fungo lisatuluke," anatero. "Ukanakhala umodzi…"

Anakhala pansi palaimupo, manja aakulu aja ali pamaondo. Sajeni anawauza kuti akuwamanga, n'kuwauza chifukwa chake. Sanatsutse. Unyolo anawaveka atatsika, chifukwa munthu womangidwa manja sangagwire makwerero.

* * *

Galimoto ya polisi itatuluka pageti, kapitawo anatuma anthu angapo kukwera kukaphimba denga ndi lona, poti kumwamba kunali kutayamba kuda ndi mitambo. Sajeni anatsalira. Mayi telala anali atawoloka msewu, ataima pabwalo la sukulu pansi pa khoma la kumapeto lija, mwana wawo atawagwira mkono. Kamphezi anali atamva zonse kwa dokotala, ndipo mayi ake anali atamukakamiza mpaka anawauza.

"Mayi Sajeni," anatero mayiwo, maso ali m'mwamba, "akuti anakhala moyo masiku angapo."

"Adokotala akuganiza choncho, mayi."

"Tsiku limene ndinauzidwa za mkazi uja, masana ake ndinabwera pano. Sindinkakhulupirira. Ndinati mwina njinga yawo ilipo. Sukulu inali yotseka, mlonda kulibe, ndinalowera pampanda. Njinga ndinaipeza itatsamira khoma lomweli. Ndinati, ndiye kuti ndi zoona, wasiya ndi njinga yomwe kuthamangira basi. Mtima unandiwira. Ndinaima pompano n'kuyamba kukuwa ndekha ngati wamisala. Ndinati usadzabwerenso. Ndinati mwanayu ndimuuza kuti bambo ake anafa. Ndinati ukafere komweko, pasapezeke wokupatsa madzi. Ndinakankha njingayo, n'kumapita."

Mphepo inkakupiza mapulasitiki a pansanja.

Mayiwo anatembenukira mwana wawo.

"Iwe wakhala ukugwira ntchito m'mwambamo. Munthu akamayankhula pansi pano, m'dengamo zimamveka?"

Kamphezi anayang'ana Sajeni, kenako anayang'ana pansi.

"Sizimveka, amayi. N'kutali. Komanso malata aja anali okhuthala."

Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati avomera. Kamphezi anawakoka mkono kuti azipita.

Chapafupi pomwepo kapitawo ankapinda chingwe. Anayankhula ndi mnzake amene anaima pambali pake, ndi mawu wamba, osakweza n'komwe, kuti anthu ali m'mwambawo aiwala kumanga ngodya ya lona ya kumapeto.

Kuchokera m'denga, kuseri kwa khoma, pansi pa malata akale amene anali asanasasulidwe, munthu wina anayankha.

"Tamva, a kapitawo. Tikumanga."

Mayi telala anaima. Anachotsa dzanja la mwana wawo pamkono pawo mofatsa, n'kuyang'ananso m'mwamba.

"Ndiye kuti anandimva," anatero.